Mbale za Malemu Amayi Zipita ku Jeremani

Bramsche, 3 Juni 1986

Achemwali Graciete,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi alamu Amadeu ndi mwendo wawo uja. Ine ndafika. Mbale zafikanso, zonse khumi ndi ziwiri, palibe yang'aluka. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti mukanadumpha mizere yonse kufunafuna mawu amenewa.

M'sitima sindinagone. Katoni ndinaifungata pamiyendo njira yonse, ngakhale kuchimbudzi ndinkapita nayo. Ku Paris bambo wina anafuna kundinyamulira, ndinamukanira mpaka anthu anayamba kundiyang'ana ngati ndanyamula golide. Miyendo yatupa, koma ipola.

Mwana wanga Filomena anandichingamira pa siteshoni. Wameta tsitsi, koma akuoneka wosangalala. Mwamuna amene akumukwatirayo, Detlef, ndi wamtali ngati mizati ya magetsi imene amakonza. Anandipatsa dzanja. Ine ndinamukoka khosi n'kumupsompsona masaya onse awiri monga timachitira kwathu, iye n'kufiira mpaka makutu. Kodi ndinalakwa? Filomena akuti ayi, koma Filomena amati ayi pa chilichonse kuti ndisade nkhawa.

Chipinda cha Filomena cha kuchipatala kumene amagwira ntchito n'chaching'ono, ndiye ndikugona kwa makolo a Detlef, a Eckhard Brinkmann ndi mayi Waltraud. Andipatsa chipinda cham'mwamba. Tsiku loyamba madzulo anaika patebulo buledi wakuda, soseji yozizira ndi tchizi, basi. Palibe chimene chinapita pamoto. Ndinadya mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti mwina sakufuna ukwatiwu ndiye akundiuza kudzera m'chakudya. Filomena anaseka mpaka misozi, akuti kuno madzulo amadya choncho ngakhale kutabwera bishopu.

Za mbale sindinamuuze. Ndangoti katoniyo asaikhudze. Ili pansi pa bedi langa. Ndidzamupatsa pa 21, tsiku la ukwati, monga ananenera Amayi kuti zipite kwa mdzukulu woyamba kukwatiwa.

Ndiuzeni za nkhuku zanga. Komanso mukaone ngati ndinatseka zenera lakumbuyo. Ndikukumbuka ndikulitseka, koma mwina ndikukumbuka za chaka chatha.

Mng'ono wanu,
Deolinda


Vilar do Freixo, 10 Juni 1986

Deolinda,

Tili bwino. Mwendo wa alamu ako umapweteka ikakhala nthawi yokumba mbatata, ikakhala nthawi yopita kumowa umachira. Zenera unatseka, unakhomereranso msomali, ndiye sindikudziwa kuti ukufuna ndikaone chiyani. Nkhuku zako zikuikira bwino kuposa pamene unalipo, chifukwa palibe amene akuziwerenga m'mawa ndi madzulo.

Ndamva kuti mbale zafika. Kufika si kuperekedwa. Ndidzapuma ukadzandilembera kuti zili m'manja mwa Filomena.

Ukudziwa kuti ine sindinafune zichoke. Amayi anazisunga m'kabati moyo wawo wonse osadyeramo ngakhale pa Khirisimasi, ine ndazisunga chimwalirire iwo, ndipo tsopano m'kabati mwanga muli bwalo loyera pamene zinkakhala. Ndinalola chifukwa cha mawu awo okha. Ndiye ndikubwereza zimene ndinakuuza pokwera basi: ukaswa ngakhale imodzi, pakhomo panga usadzaponde. Manja ako ndimawadziwa, amanjenjemera ngakhale ponyamula dzira.

Mnyamatayo unachita bwino kumupsompsona. Azolowere, akukwatira mwana wa kwathu. Ngati akukudyetsa zozizira, lowa kukhitchini uphike wekha, unasiya manja kuno?

Umuuze Filomena kuti azakhali ake akufuna chithunzi cha diresi, osati cha mwamuna.

Mkulu wako,
Graciete


Bramsche, 11 Juni 1986

Achemwali,

Kalata yanu sinafike. Kodi mwadwala? Kapena alamu? Musandibisire. M'mawa uliwonse ndimaima pazenera kudikira wa positi, mpaka tsopano amandikwezera chipewa.

Ine ndazolowera pang'ono. Ndi asewere anga a Waltraud timacheza ndi manja, ndipo timamvana kuposa mmene ndinkamverana ndi malemu amuna anga a Abílio amene tinkalankhula chilankhulo chimodzi. Amanditenga kukadimba kawo kukathyola sitiroberi. Iwo amathyola n'kuika m'dengu, ine ndimathyola n'kuika m'kamwa, akandiona amandiloza chala n'kuseka. Ndinaphika msuzi wathu wa kabichi ndi mbatata, a Eckhard anawonjezera mpaka kupukuta mphika ndi buledi.

Zolakwa sizikusowa. Lamlungu ndinachapa n'kuyanika panja. A Waltraud anatuluka chothamanga n'kuyanula zonse, akuyang'ana mawindo a anthu oyandikana nawo ngati ndayanika mbendera ya nkhondo. Tsiku lina ndinawoloka msewu wopanda galimoto ngakhale imodzi, nditacheuka ndinaona anthu onse ataima tsidya lija kudikira getsi, akundiyang'ana. Ndinabwerera kukaima nawo.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi. Dzulo a Waltraud ankakolopa m'chipinda changa ndipo ndodo ya chokolopera inagunda katoni. Ndinaikoka n'kutsegula pomwepo kuti ndione, iwo ataima pambali. Zonse zili bwino. Ataona mbale zitakulungidwa m'manyuzipepala akale, anatenga imodzi n'kuitembenuza, n'kuona kuti ndi yakalekale. Kenako anandigwira dzanja kunditengera pa kalendala n'kuloza Lachisanu, pa 20. Ine ndinaloza pa 21. Iwo anapukusa mutu n'kulozanso Lachisanu. Ndinazindikira kuti kuno mphatso amapereka ukwati uli mawa, ndiye ndinavomera ndi mutu.

Achemwali, mukanaona chimwemwe chawo. Anawomba m'manja, anandikumbatira, munthu amene mpaka pano amangondipatsa dzanja. Anaitana amuna awo. A Eckhard anayang'ana mbale, anayang'ana ine, n'kutchula Portugal kawiri akugwedeza mutu, kusonyeza kudabwa kuti ndazinyamula mtunda wonsewu. Anakweza manja m'mwamba n'kuwatsitsa mwamphamvu, akuseka. Ndikuganiza kuti amatanthauza kuti mphatso amazionetsa m'mwamba asanaziike patebulo. Ndinaika chala pamilomo n'kutchula Filomena, iwo n'kuikanso zala pamilomo. Tagwirizana kuti asadziwe.

A Eckhard ananyamula katoni kukaiika m'galaja, mmene akusonkhanitsa mphatso za Lachisanu. Ndinawatsatira masitepe onse manja ali pansi pa katoni. Ndimakaizonda kawiri patsiku.

Ndikuuzeni mwamseri. Anthu a kuno ali ndi magalimoto ndi nyumba zabwino, koma pa mphatso ndi owuma manja. Onse akubweretsa mbale, koma zong'aluka, makapu opanda zogwirira, miphika ya maluwa. Wina wabweretsa sinki yakale yosambira m'manja. Ndinamumvera chisoni mwana wanga. Koma ndinanyadanso, chifukwa za Amayi zidzawala pakati pa zinyalala zimenezi.

Filomena akugwira ntchito mpaka sabata ya ukwati, amangobwera mwa apo ndi apo. Nditamufunsa za Lachisanu anangoti kudzakhala kaphwando pabwalo, ndidzaona ndekha, akandiuza pano sindigona sabata yonse. Mawu amenewo ndi amene akundilepheretsa kugona.

Lembani, chonde.

Deolinda


Vilar do Freixo, 18 Juni 1986

Deolinda,

Ukangowerenga mzere uno, siya kalata, thamangira kugalajako, ukatenge katoni, ukaikhalire.

Kalata yako ndinaiwerenga kugolosale, a Amílcar alipo, aja anagwira ntchito kufakitale ku Jeremani zaka zambiri. Nditafika pa sinki anayamba kuseka mpaka kutsamwa, tinachita kuwamenya pamsana. Akuti zimene zili m'galajamo si mphatso. Ajeremani ukwati ukakhala mawa amasonkhana pakhomo n'kuswa mbale, akuti phokosolo limabweretsa mwayi, ndipo akwati amasesa limodzi. Aliyense amabweretsa zakale zimene sakuzifuna. Asewere akowo akuganiza kuti wanyamula mbale kuchokera kuno kuti ukaswe nawo. Manja amene bamboyo anakweza n'kutsitsa aja, iwe unaona tebulo pati?

Ndayesa kuimba lamya kuchipatala kwa Filomena. Anayankha mayi wina m'Chijeremani. Ndinakuwa dzina la Filomena, ndinakuwa kuti mbale, iye analankhula zake zambirimbiri n'kudula. Nditaimbanso ndinawapatsa a Amílcar kuti alankhule, n'kupezeka kuti Chijeremani chawo chonse ndi choitanitsira mowa.

Zaka zonsezi wakhala ukuopa zinthu zimene kulibe, mphezi kunja kuli ngwee, akuba pa zenera lokhomera. Lero chinthu chenicheni chakupeza, iwe n'kuchiperekeza pa masitepe.

Ndayatsa kandulo kutchalitchi kuti kalatayi ifike msanga.

Graciete


Bramsche, 23 Juni 1986

Achemwali anga Graciete,

Makalata anu onse awiri ndawalandira, yachiwiriyo yafika m'mawa uno. Kandulo yanu inachedwa. Khalani pansi, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Filomena wakwatiwa, anaoneka bwino kwambiri, chithunzi chikubwera. Koma ndiyambe ndi Lachisanu.

Anthu anayamba kufika dzuwa likadali m'mwamba, kuno silifulumira kulowa. Anaika mabenchi pabwalo, anawotcha soseji, mowa uli m'migolo. Ine ndinavala diresi langa lobiriwira. Mayi wina wokalamba, wovala bwino ndithu, anafika pageti, anatulutsa mbale m'chikwama, anamwetulira, n'kuimenyetsa pansi. Ndinagwira mkono wa Filomena, ndinati uyu ndi ndani, Detlef anamulakwira chiyani? Ndisanamve yankho, wina anaponya kapu, wina mphika. Amuna awiri ananyamula sinki ija n'kuigwetsa, anthu n'kuwomba m'manja.

Filomena anandifotokozera zimene a Amílcar anakuuzanizo, akuseka, tsache lili m'manja. Iye ndi Detlef akasesa mulu, anzawo ankaumwazanso ndi mapazi kuti ayambirenso. Ndinasekanso nawo. Achemwali, mutu wanga unali pa mwana wanga ndi tsache lake, sunapite kugalaja. Ndikanama ndikati ndinakumbukira.

Kenako a Eckhard analiza botolo ndi supuni kuti anthu akhale chete. Analankhula mawu ambiri, ndinamva dzina langa ndi Portugal. Anthu onse anatembenukira kwa ine akuwomba m'manja. Detlef anatuluka m'galaja atanyamula katoni yathu n'kuiika patsogolo panga. Pamenepo m'pamene zonse zinalumikizana m'mutu mwanga.

A Eckhard anamasula mbale imodzi n'kundipatsa kuti ndiyambe ine, poti ulemuwo unali wanga. Ndinaikumbatira pachifuwa n'kupukusa mutu. Anthu anaganiza kuti ndi manyazi, anayamba kuimba dzina langa, De-o-lin-da, De-o-lin-da. Filomena anali kumbuyo kwa anthu, akutaya zosesa mu wilibala. A Eckhard, pofuna kundithandiza, anatenga ina m'katoni kuti andionetse kachitidwe kake. Anaikweza m'mwamba monga tsiku lija.

Inasweka, achemwali. Yamaluwa abuluu, pamiyala, pamaso panga.

Sindikudziwa kuti ndinakuwa bwanji, koma akuti agalu a mumsewu wonse anayankha. Ndinadzigwetsa pa katoni n'kuiphimba ndi thupi. Filomena anabwera chothamanga, anatola kachidutswa, anakayang'ana, n'kunena chapansipansi kuti, “Amayi, izi ndi za agogo.”

Ndinati, “Ndi zako, mwanawe. Ndimati ndikupatse mawa.”

Anakhala pansi pomwepo pa miyala n'kuyamba kulira. Atatha anatembenukira kwa apongozi ake n'kuwauza m'Chijeremani. A Waltraud anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. A Eckhard, bambo wamkulu wa mimba yake, anagwada n'kuyamba kufufuza mu mulu wonse uja, kutola tizidutswa tabuluu kamodzikamodzi n'kumaika m'chipewa chawo. Anadzicheka chala, osasiya. Anzawo awiri anagwada kuwathandiza. Nyimbo anazimitsa. Ndinaona anthu ena akutenga majekete awo mwakachetechete.

Ndinayang'ana Filomena, ndinayang'ana Detlef ataima ndi tsache ngati mwana wotayika pamsika. Ndinaganiza kuti mwana wanga adzakumbukira tsiku limeneli moyo wake wonse ngati tsiku limene mayi ake anathamangitsa alendo. Ndinamuuza Detlef ndi manja kuti anyamule katoni akaiike m'nyumba. Kenako ndinapita pa zimene zinatsala zosaswedwa, ndinasankha chimphika chachikulu cha msuzi, chonyansa, cha maluwa ofiirira. Ndinaima pafupi ndi a Eckhard, ndinawagwira paphewa kuti adzuke. Ndinakweza chimphikacho monga anandiphunzitsira.

Achemwali, chinalira ngati belu la tchalitchi. Ndipo ndikuuzeni zoona, zimakoma. Ndakhala moyo wanga wonse ndikugwira zinthu kuti zisagwe, sindinkadziwa. Ndinaswanso zina zitatu. A Waltraud anali akulirabe, koma anayamba kuseka, akuloza chimphikacho n'kumauza Filomena kuti chinali cha apongozi awo ndipo akhala akufuna kuchiswa chikwatiwire. Nyimbo inayambanso. Ndinavina ndi a Eckhard chala chawo chitamangidwa mpango.

Dzulo, Lamlungu, tinadya kwa asewere tonse. Filomena ananena kuti mbale zake sizikakhala m'kabati, tidyeremo. Ndinati agogo ako sanadyeremo. Anati n'chifukwa chake. Anaziyala patebulo, khumi ndi imodzi. A Waltraud anakwera m'mwamba n'kubwera ndi mbale imodzi yoyera ya mkombero wagolide. Filomena anandimasulira kuti inali ya mayi awo, ndipo ndi yokhayo imene inapulumuka nyumba yawo itagwa pa nkhondo. Anaiika pamalo pa yosweka ija n'kunena kuti ipite limodzi ndi zinzake. Ndinakana, anakana kukana kwanga. Ine ndinadyera m'yoyerayo. A Eckhard anapatsidwa ya Amayi, ndipo anadya osagwiritsa ntchito mpeni, akuopa kuikanda, nyama anachita kuidula ndi supuni.

Tsopano mwamva zonse. Munati ndikaswa ngakhale imodzi ndisadzaponde pakhomo panu. Sindinaswe ndi manja anga, koma ndinavomera ndi mutu wanga pa kalendala paja. Tikiti yanga ndi ya pakati pa Julayi. Ndiuzeni ngati nditsikire kwanu kukatenga makiyi, kapena muwasiye kugolosale. Sindigona mpaka mutayankha.

Mng'ono wanu,
Deolinda

Azakhali, ndine Filomena, Amayi andisiyira kampata pansi pano. Musawakalipire. Wolakwa ndine, ndinawabisira za Lachisanu, iwonso n'kundibisira za katoni, tonse pofuna kusangalatsana. Mbale ndazilandira ndi manja awiri, ndipo ndikuthokoza kuti munazisunga zaka zonsezi. Apongozi anga aamuna akhala patebulo ndi guluu ndi magalasi awo kuyambira m'mawa, akulumikiza tizidutswa. Akuti akamaliza abwera nayo okha kwanuko mu Ogasiti kudzapepesa kwa mwini kabati. Sakunena zocheza, agula kale mapu.


Vilar do Freixo, 1 Julayi 1986

Deolinda,

Tili bwino, ndipo gona.

Kalata yako ndinaiwerenga ndekha kaye, ndinalira, sindibisa. Ndinatsegula kabati n'kuyang'ana pamalo paja kwa nthawi. Kenako ndinaiwerengera alamu ako, ndipo titafika pa chimphika anandiuza kuti ndibwereze. Sakukhulupirira. Inenso sindikukhulupirira. Iwe, amene umayenda ndi dzira ngati wanyamula Ukalistia, kuswa mphika wa eni ake pamaso pa anthu, n'kuwonjezera zitatu? Pamudzi pano nkhani ndi imeneyi. A Amílcar akuifotokoza kugolosale ngati analipo.

Amayi anati mbale zipite kwa mdzukulu, zapita. Sananene kuti zikafike zingati. Ndipo ngati mwanayo akudyeramo, wachita zimene ife awiri tinalephera. Mayi amene wapereka mbale yokhayo ya mayi ake umupsompsone masaya onse awiri m'malo mwanga, afiire asafiire.

Makiyi ali kwanga ndipo sindikawasiya kugolosale kulikonse. Utsikire pano, ndidzapha nkhuku, yako.

Filomena, mwana wanga, Mulungu akudalitseni nonse awiri. Apongozi akowo uwauze abwere, nyumba ilipo, vinyo alipo, ndawakhululukira. Koma uwachenjezeretu kuti pakhomo panga adzadyera m'mbale yachitsulo.

Mkulu wako,
Graciete